Mchizeni Ngakhale Asanasiye Kudzibaya

 

Mwandipempha kuti ndilankhule za matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C, makamaka pakati pa anthu amene amagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Ndinene mosapsatira mawu chimene ndabwerera, kuti amene atuluke msanga atuluke atachimva. Munthu amene akudzibaya heroin lero, ayenera kuyezedwa lero, ndipo akapezeka ndi kachirombo ka hepatitis C apatsidwe mankhwala osauzidwa kuti "pita ukasiye kaye, ukabwere utasintha." Ndikuona nkhope zina zayamba kale kuchita tsinya. Ndipempha mundileze mtima mpaka ndifotokoze kumene maganizowa achokera, chifukwa si a ine ndekha, ndi amenenso bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza maiko onse.

Chiwindi ndi chiwalo chopirira kwambiri. Chimasefa magazi, chimaphwanya poizoni wa mowa ndi wa mankhwala, chimapanga ndulu, chimasunga shuga woti thupi ligwiritse ntchito likakhala ndi njala, chimapanganso zinthu zothandiza magazi kuundana munthu akavulala. Vuto lake n'loti sichidandaula msanga. Kachirombo ka hepatitis C kakalowa m'magazi, anthu ambiri samva kalikonse, ochepa okha ndi amene maso amachita chikasu, mkodzo n'kuda. Mwa anthu 10 amene atenga kachiromboka, pafupifupi 3 thupi lawo limakagonjetsa lokha m'miyezi 6 yoyambirira. Otsala 7 aja amakhala nako, ndipo kamawononga chiwindi pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, n'kumasiya zipsera. Pakatha zaka 20, pakati pa 15 ndi 30 mwa odwala 100 alionse chiwindi chawo chimakhala chitalimba gwa ndi zipserazo, zimene madokotala amati cirrhosis. Apa m'pamene timaona munthu mimba itadzaza madzi, miyendo itatupa, akusanza magazi, mutu ukusokonekera. Ena imawagwira khansa ya chiwindi. Kumudzi tikaona zotere timathamangira kunena kuti wadyetsedwa, pomwe kachirombo kanalowa kalekale pa nsonga ya singano, munthuyo akadali mnyamata.

WHO inati m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse anali ndi kachiromboka m'magazi mwawo, pafupifupi 1 miliyoni anakatenga m'chakacho, ndipo kanapha anthu oposa 240,000. Musakasokoneze ndi anzake. Hepatitis A imadzera m'zakudya ndi madzi osasamalika ndipo nthawi zambiri imatha yokha. Hepatitis B ndiyo yofala kwambiri kuno ku Malawi, ili ndi katemera amene ana athu akhala akulandira kusikelo kuyambira 2002, koma mankhwala ake amangoigonetsa, saichotseratu. Hepatitis C ilibe katemera ngakhale pang'ono, koma imachizika mpaka kutheratu.

Kachiromboka kamayenda m'magazi. Sikafala pogwirana chanza, podyera m'mbale imodzi, kapena polumidwa ndi udzudzu. Pakati pa mwamuna ndi mkazi wake kupatsirana kumachitika mwa apo ndi apo. Njira yake yaikulu ndi magazi a munthu wina kulowa m'thupi la mnzake, ndipo pa njira imeneyi kamapatsirana mosavuta kuposa HIV. Kamathanso kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa milungu ingapo, mu sirinji kapena m'kadontho ka magazi kamene kauma. N'chifukwa chake odzibaya mankhwala ndiwo ali pachiopsezo chachikulu: kafukufuku wapadziko lonse anapeza kuti pafupifupi theka la iwo anakumanapo ndi kachiromboka. Ndipo apa alangizi mumvetsetse, chifukwa ambiri timangokamba za singano basi. Munthu akafuna kudzibaya amasungunula ufawo mu supuni kapena pa chitsekerero cha botolo, amathira madzi, amasefa ndi kathonje kapena kafyuluta ka ndudu, kenaka n'kukoka ndi sirinji. Mnyamata akhoza kukulumbirirani kuti singano sabwerekana ndi aliyense, n'kukhala akunena zoona, koma supuni, madzi ndi kathonje n'za gulu lonse. Kachiromboka kamadzera momwemo. Amene amasuta pa kapaipi kagalasi milomo ili yong'aluka, n'kumapatsirana, nawonso ali pachiopsezo, ngakhale n'chocheperapo. Onjezanipo lezala limodzi lotemera mphini anthu asanu, ndi singano yodindira zithunzi pakhungu imene imazungulira m'ndende.

Wina anena kuti zimenezi n'za ku Ulaya, kwathu kuno n'chamba ndi kachasu basi. N'zoona kuti odzibaya kuno ndi ochepa poyerekeza ndi kwa anzathu. Koma taonani anzathuwo ndi ayani. Heroin wochokera ku Afghanistan amatsitsidwa m'magombe a Tanzania ndi Mozambique, n'kuyenda pamsewu kulowera ku South Africa, ndipo kulikonse kumene wadutsa amasiyako ogula. Ku Dar es Salaam ofufuza analemba m'zaka za m'ma 2000 za mchitidwe umene odzibaya amautcha flashblood: munthu amene alibe ndalama yogulira heroin amatenga magazi a mnzake amene wangodzibaya kumene n'kuwabaya m'mtsempha wake, poganiza kuti chibaba chichepa. Ku South Africa zomwezo amaziti bluetooth, ndipo heroin wosakaniza wa m'makwalala amamutcha nyaope kapena whoonga. Kafukufuku wa m'zaka za 2016 ndi 2017 anapeza kuti mumzinda wa Pretoria oposa 8 mwa odzibaya 10 alionse anali atakumanapo ndi hepatitis C. Kodi ndi banja liti muno limene lilibe mwana kapena mphwake ku Joni? Ambiri amabwerako ali bwinobwino, ndi malata ndi njinga yamoto. Ena ochepa amabwerako ndi kachirombo kamene sakukadziwa, ndipo ena anasiya kudzibaya zaka 10 zapitazo, lero ndi atcheya a kwaya. Kudzibaya kamodzi kokha, kalekale, n'chifukwa chokwanira choyezetsera.

Kuti mumvetse chifukwa chimene madokotala ankakanira kuchiza anthu amenewa, tibwerere m'mbuyo pang'ono. M'zaka za m'ma 1970, Harvey Alter wa ku America anaona kuti anthu ena oikidwa magazi ankadwala chiwindi, koma matendawo sanali A, sanalinso B. Kachirombo kake kanadziwika mu 1989 kudzera m'ntchito ya Michael Houghton ndi anzake, ndipo mu 2020 Alter, Houghton ndi Charles Rice analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. Mankhwala akale anali jakisoni wa interferon, wobayidwa mlungu ndi mlungu, pamodzi ndi mapiritsi a ribavirin, kwa miyezi 6 mpaka pafupifupi chaka chathunthu. Anali mankhwala ankhanza. Munthu ankaphwanya m'thupi ngati wagwidwa malungo osatha, magazi ankachepa, ena ankavutika maganizo mpaka kufuna kudzipha. Pamapeto pake ochira ankakhala pafupifupi theka lokha. M'masiku amenewo dokotala akakayika kupereka mankhwala otere kwa munthu wogona pansi pa mlatho, tikhoza kumumvetsa.

Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa 2013, pamene ku America analoleza mankhwala otchedwa sofosbuvir. Iwo ndi anzake amene anatsatira amagwira kachiromboko kenikeni n'kukalepheretsa kuswana. Ndi mapiritsi akumwa kamodzi patsiku kwa milungu 12, ena milungu 8 yokha, opanda jakisoni, ndipo zovuta zake sizipitirira mutu ndi kutopa kwa anthu ambiri. Ochira amaposa 95 mwa 100 alionse. Koma kampani ya Gilead, yopanga sofosbuvir, inaika mtengo wa madola 84,000 a ku America pa munthu mmodzi, piritsi limodzi madola 1,000. Mtengo umenewu unachititsa kuti ngakhale m'dziko lolemera ngati America maboma a zigawo zambiri ayambe kusankha woti achire. Lamulo limodzi limene anaika linali loti wodwala aonetse kuti watha miyezi ingapo, kwina 6, osagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo kapena mowa. Ndiye onani kumene lamulo la "kasiye kaye" linachokera: mbali ina ku nkhanza za interferon, mbali ina ku mtengo wa mankhwala. Zonse ziwirizi zinatha. Interferon sagwiritsidwanso ntchito pa matendawa, ndipo pofika mu 2023 sofosbuvir ndi daclatasvir opangidwa ku India ankapezeka m'maiko osauka pa madola pafupifupi 60 mankhwala onse a milungu 12. Chatsala ndi mtima wathu woweruza.

Nanga si munthu wotere adzangotaya mapiritsi, kapena kuwagulitsa? Funso limeneli linafunsidwa, ndipo linayesedwa. Kafukufuku wotchedwa C-EDGE CO-STAR, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anapereka mankhwalawa kwa anthu amene anali pa chithandizo chosiyira heroin, ambiri mwa iwo akugwiritsabe ntchito mankhwala ena ozunguza bongo, ndipo oposa 9 mwa 10 alionse anachira. Wina wotchedwa SIMPLIFY, wa mu 2018, anatenga anthu 103 amene anali atadzibaya m'miyezi 6 yapitayo, ndipo ochira anali 94 mwa 100 alionse. Si onse amene ankamwa mosadumphitsa, ena ankaiwala masiku angapo, komabe anachira. Ndipotu tisadabwe. Munthu amene amatha kupeza ndalama ya heroin tsiku lililonse, mvula kapena dzuwa, alibe ntchito alibe nyumba, sangalephere kumeza piritsi limodzi m'mawa ngati wina wamufotokozera mwaulemu chifukwa chake.

Palinso chifukwa china chimene chimakhudza tonse, ngakhale ife amene sitinaonepo heroin ndi maso. Munthu akachira, m'magazi mwake mulibenso kachirombo koti apatsire wina. Amene akudzibaya panopa ndiye akufalitsa kwambiri, kotero kumudikiritsa chaka kuti asiye ndiko kulola kuti m'chakacho apatsire anzake angapo. Dziko la Iceland linazindikira zimenezi. Mu Januwale 2016 linayamba kuchiza aliyense, kuyambira ndi odzibaya ndi akaidi, ndipo pachipatala chawo chachikulu chothandiza ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo, chiwerengero cha odzibaya opezeka ndi kachiromboka chinatsika kuchoka pa 43 mwa 100 alionse kufika pa 12 m'zaka ziwiri. Australia nayo mu Marichi 2016 inatsegula mankhwalawa kwa munthu wamkulu aliyense, kuphatikizapo wa m'ndende, n'kulola madokotala wamba kuwalemba m'malo modikira katswiri wa chiwindi.

Tsopano za kuyeza, ndipo apa ndichedwepo, chifukwa anthu ambiri timawataya pomwepa. Kuyeza hepatitis C kuli pawiri. Koyamba ndi kobaya chala kuja, kofanana ndi kwa HIV, kotuluka m'mphindi zochepa. Kuyeza kumeneku sikuona kachirombo, kumangoona chizindikiro chimene chitetezo cha m'thupi chinasiya pamene chinkalimbana nako. Zili ngati kupeza mapazi a fisi pafupi ndi khola m'mawa: mwadziwa kuti fisi anafika, koma simunadziwe ngati akadali pafupi kapena anapita kalekale. Munthu amene thupi lake linagonjetsa kachirombo lokha, ndi amene anachira ndi mankhwala, nthawi zambiri amapezeka ndi chizindikirochi moyo wawo wonse. Choncho mlangizi asauze munthu kuti "muli ndi hepatitis C" atangoona mizere iwiri. Pafunika kuyeza kwachiwiri, kofufuza kachiromboko kenikeni m'magazi, kumene amati RNA kapena viral load, monga tinazolowera kwa omwa ma ARV.

Kumene zinthu zimaonongekera ndi pakati pa kuyeza kuwiriku. Munthu wayezedwa chala Lolemba, wauzidwa kuti apite kuchipatala chachikulu kukatengedwa magazi a pamkono, akadikire milungu itatu, abwerenso kudzamva zotsatira, kenaka apatsidwe tsiku lokaonana ndi dokotala. Ulendo uliwonse ukufuna ndalama ya minibasi, ndi tsiku lathunthu pamzere chibaba chikumuluma m'mafupa. Mitsempha ya pamkono ya wodzibaya nthawi zambiri imakhala itaphwa, ndiye namwino amabaya kasanu osapeza magazi, n'kuyamba kulankhula mawu opweteka. Munthu ameneyo sabweranso. Kenaka ife timalemba m'kaundula kuti wathawa.

Ku Tayside, chigawo cha ku Scotland kumene kuli mzinda wa Dundee, anaganiza zopititsa chithandizo kumene anthuwo amapezeka kale. Omwa methadone, mankhwala othetsa chibaba cha heroin, amafika kufamase pafupifupi tsiku lililonse, ndiye wa pafamase yemweyo anaphunzitsidwa kubaya chala, kudonthetsa magazi pa kapepala, ndi kupereka mapiritsi a hepatitis C pamodzi ndi methadone. Anachitanso chimodzimodzi m'malo osinthira masingano. Mu 2020 akuluakulu a zaumoyo m'chigawocho analengeza kuti matendawa awagonjetsa monga vuto la anthu onse. Chimene chimandisangalatsa n'choti zipangizo zimene njira zoterezi zimadalira si zachilendo kwa ife. Kapepala kodonthetsapo magazi n'kamene timagwiritsa ntchito poyeza makanda HIV. Makina a GeneXpert amene ali m'zipatala zathu zambiri poyeza TB amathanso kuyeza kachirombo ka hepatitis C ndi magazi a pachala, n'kupereka yankho pa ola limodzi, bola pakhale katiriji yake. Ndipo pamene WHO inavomereza mu 2021 kuti munthu azitha kudziyeza yekha hepatitis C, inali kutsatira njira ya kudziyeza wekha HIV, imene ena mwa maphunziro ake oyambirira anachitikira m'makwalala a ku Blantyre konkuno. Munthu woopa kuonedwa pamzere akhoza kudziyeza kuchipinda kwake.

Kwa anzanga a m'chipatala, ndikumbutse zingapo zofunika musanapereke mapiritsi. Yezani hepatitis B, chifukwa kwa amene ali ndi tizirombo tonse tiwiri, kuchiza C kukhoza kudzutsa B amene anali atagona, n'kuvulaza chiwindi koopsa. Yezani HIV. Ma ARV a dolutegravir amene ambiri akumwa panopa amayenda bwino ndi mankhwalawa, koma efavirenz amasokoneza ena mwa iwo. Rifampicin wa TB sayenda nawo limodzi m'pang'ono pomwe, chimodzimodzinso mankhwala ena a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital. Methadone alibe vuto. Kuti mudziwe ngati chiwindi chalimba, kuwerengetsa kwa APRI kumangofuna zotsatira ziwiri za magazi zimene labotale ya chipatala cha boma imatha kutulutsa. Amene mimba yatupa kale kapena wasanzapo magazi, ameneyo mutumizeni kwa katswiri. Mayi woyembekezera nthawi zambiri amadikira kaye abereke. Pakatha milungu 12 chimalizireni mankhwala, yezaninso, ndipo kachirombo kakapanda kupezeka muuzeni munthuyo mawu amene sitiwanena kawirikawiri pa matenda a tizirombo: mwachira. Za mowa muuzeni zoona, kuti kachasu amafulumizitsa kuwonongeka kwa chiwindi, koma musamumane mankhwala chifukwa cha botolo.

Tsono abusa ndi mashehe, ndikudziwa pamene mtima wanu ukukana. Wochira akhoza kutenganso kachiromboka akabwerera ku supuni ya gulu, pakuti kuchira sikupereka chitetezo. N'chifukwa chake chithandizochi chimayenda ndi zinthu ziwiri zimene zimamveka zoipa m'makutu mwathu: kupereka masingano atsopano kwa odzibaya, ndi kupereka methadone, mankhwala akumwa amene amathetsa chibaba cha heroin tsiku lathunthu popanda kumuledzeretsa munthu. Akatswiri a bungwe la Cochrane atasonkhanitsa maphunziro ambiri mu 2017 anapeza kuti methadone ndi mankhwala ofanana naye amachepetsa kutenga hepatitis C ndi theka, ndipo akaphatikizidwa ndi masingano okwanira chiopsezo chimatsika ndi pafupifupi magawo 3 mwa 4. Mauritius inayamba zimenezi mu 2006. Tanzania inatsegula chipatala cha methadone ku Muhimbili mu 2011, Kenya inatsatira mu 2014, ndipo ku Maputo ntchito yotere inayamba m'dera la Mafalala mu 2018. Anthu a maiko amenewa ndi opemphera ngati ife, sanachite izi chifukwa chokonda heroin. Anaona kuti kumana munthu singano yatsopano sikumusiyitsa, kumangomutumiza kukatola yakale. Ine ndikufuna mwana aliyense asiye, monga inunso mukufunira. Koma ambiri amasiya atagwa kangapo, pakapita zaka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu wasiya, wakwatira, wabwerera kumpingo, kenaka n'kufa ndi chiwindi chimene tikanachichiza m'miyezi itatu. Akatenganso kachirombo, achizidwenso. Wodwala malungo kachitatu sitimumana LA pomuuza kuti sanagone m'masikito.

Tisaiwalenso kuti singano yakuda siili m'manja mwa odzibaya okha. Dziko limene linavutika kwambiri ndi hepatitis C ndi Egypt, ndipo kumeneko kachiromboka kanafalitsidwa ndi azaumoyo eniake. Kuyambira m'ma 1950 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1980 ankabaya midzi yathunthu jakisoni wa likodzo ndi masirinji agalasi osawiritsidwa bwino, mpaka pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 10 alionse anakhala ndi kachiromboka. Dziko lomwelo linakambirana ndi makampani kuti mtengo utsike, linayamba kupanga lokha mankhwalawa, ndipo mu 2018 ndi 2019 linayeza anthu pafupifupi 50 miliyoni. Ochizidwa onse anaposa 4 miliyoni, ndipo mu Okutobala 2023 WHO inalengeza kuti Egypt ndi dziko loyamba kufika pa mlingo wapamwamba wa njira yothetsera matendawa. Rwanda nayo yayeza anthu mamiliyoni angapo kuyambira 2018. Kwa ife phunziro lapafupi n'loti magazi oikidwa mwa odwala apitirize kuyezedwa monga a Malawi Blood Transfusion Service amachitira, ndipo jakisoni wa kuseri kwa nyumba, wobayidwa ndi munthu amene si wachipatala, timukane.

Apolisi, ntchito yogwira ogulitsa ndi yanu ndipo sitikuikana. Koma mnyamata akadziwa kuti kupezeka ndi sirinji yatsopano m'thumba kumugonetsa m'chitokosi, sadzainyamula, adzabwereka ya mnzake. Akadziwa kuti galimoto yanu imaima pafupi ndi pamene alangizi amayezera, sadzafikapo. Anamwino, munthu akakuuzani kuti anadzibayapo, wakupatsani chinsinsi chimene mwina mayi ake sakuchidziwa, musachitulutse pakhonde, ndipo musamuitane ndi mayina onyoza. Mafumu ndi makolo, mukamva kuti mwana wabwerako kunja ndi khalidwe limeneli, musanaitanitse bwalo mupite naye kuchipatala, mukapemphe kuti amuyeze HIV, hepatitis B ndi hepatitis C, ndipo zotsatira zoyamba zikatuluka mufunse za kuyeza kwachiwiri. Ndipo ngati muli muno inu amene munadzibayapo, kaya kamodzi, kaya zaka 15 zapitazo, pitani mukayezetse mwezi uno.